Mabowo a Chogwirira cha Bambo

Lolemba, 6 Meyi

Ndazindikira lero, ndipo mtima ukundiwawa mpaka pano. Bambo sakumwa madzi dala.

Masabata atatu chitulukireni m'chipatala ndakhala ndikuganiza kuti ndi matendawa, kuti mwina sitiroko inawagwira ndi pakhosi pomwe monga inagwirira dzanja lamanja, mwendo ndi lilime. Ayi ndithu. M'mawa ndinawapatsa tiyi n'kupita kukasita diresi la kasitomala. Pobwera m'kapu mulibe kanthu, ine kusangalala. Posesa ndinapeza duwa la m'chitini pazenera likusambira mu tiyi wamkaka. Duwa likunenepa, mwini nyumba akuuma.

Chifukwa chake sindinafunse munthu. Akamwa afuna kuchimbudzi, ndipo kuchimbudzi safika okha. Ndimawagwira ine m'khwapa, mapazi khumi ndi limodzi kuchoka pabedi, kenako kuwathandiza zina zonsezo iwo atalozetsa nkhope kukhoma. Munthu amene anatha zaka makumi atatu akuimika makina m'mafakitale, amene anzake ankamutcha a Levulo, dzina la chida choyezera kuongoka, chifukwa ngakhale kalendala sankapachika osayeza, lero mwana wake wamkazi azimumasula lamba? Asankha ludzu.

Mayi a mafizo, amene amabwera Lolemba lililonse kudzawaongola ziwalo, anawatsina khungu la padzanja ndipo khungu linatsala chiimire. Anandikokera kukhitchini. Ati zikapitirira chonchi, Lolemba likubwerali abwerera kuchipatala kukaikidwa diripi, impso sizichedwa kunyanyala. Ati mbali yamanzere ili ndi mphamvu, pakanakhala chitsulo chogwirira kuchoka pabedi mpaka pakhomo la chimbudzi bwenzi akudzikoka okha, poti m'katimo ndi mopanikiza, makoma onse amawafikira. Vuto ndi khoma la panjirapo, ndi lamatabwa opyapyala. Chogwiriracho chiyenera kuima pa mizati yomangirira pansi.

Achimwene pafoni: usavutike, ndibwera Loweruka ndidzakonze zonse. Loweruka la achimwene ndimalidziwa ine. Chitseko cha kabati chikulidikira kuyambira chaka chatha.

Madzi lero: theka la kapu, omezera mankhwala.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndinalawira kwa a Mbaliwali, owotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Ntchito anaphunzira m'manja mwa bambo, mpaka lero akamatchula a Levulo amatsitsa mawu. Anasiya geti la munthu lili theka, kubwera kudzayeza, madzulo n'kutulukira ndi wilibala: mizati itatu ndi paipi yaitali yodzakhala pamwamba. Mzati uliwonse uli ndi phazi lachitsulo lophwatalala, la mabowo anayi. Ndiye kuti pansi pakufunika mabowo khumi ndi awiri.

Anabweretsanso mabawuti ake. Bawuti iliyonse ili ndi kasiketi kachitsulo kumunsi. Ukamamanga nati pamwamba, kasiketiko kamatambasuka m'bowo n'kuluma konkire. Zimenezo ndinazimva msanga, nkhani ya masiketi ndi yanga.

Kuboola sangaboole iwo, akunyamuka mawa m'mamawa kukagwira ntchito kutali, masabata awiri. Ati musadandaule chemwali, choboolera cha madala chili m'bokosi mwawomo, palibe chochiposa kuno. Anayamba kundilongosolera zambiri, ine mutu uli pa madiresi atatu a Lachisanu, ndikungoti ndamva, ndamva.

Analowa kuti apereke moni. Anaima pafupi ndi bedi chipewa chili m'manja, kupereka moni katatu konse. Bambo duu, nkhope kukhoma. A Mbaliwali anatuluka akupukuta m'maso, ati utsi wa kuntchito ukuwavutitsa masiku ano.

Theka la kapu, mochita kunyengerera.

Lachitatu, 8 Meyi

Safunsa anadya phula. Lero ndadya ndine, ndakhuta.

Ndinakoka bokosi la zida pansi pa bedi lawo. Chilichonse chokulunga m'kansanza kake, fungo la oyilo lija la ndili mwana. Choboolera n'cholemera ngati mutu wa makina anga osokera. Nsonga zake zija amati mabiti zili pamzere m'kathumba kachikopa, iliyonse ndi nambala yake. Mabawuti alembedwa 10. Ndinatenga biti ya 10 n'kuyerekeza ndi bawuti, n'zofanana ndendende. Apa mutu wa telala unayamba kugwira ntchito. Ndani amadula nsalu yofanana ndendende ndi thupi la munthu? Chiuno chikakhala 34 umasiya alawansi, munthu apume, akhale pansi, adye. Basi ndinatenga ya 12, ndikudziyamikira mumtima kuti amuna sakanaganiza zimenezi.

Ndinayeza ndi tepi yanga yansalu, kujambula mabowo anayi ndi choko, kusuntha mzati, n'kuyamba. Abale inu, konkire imeneyi! Anathira okha bambo pomanga nyumba ino ndipo simenti sanaumire. Chinthu chija chinangoyamba kuvina, biti kuthawa pa choko, mano anga kugundana, fumbi mbuu mpaka m'nsidze. Ndinatsamirapo ndi thupi lonse. Mabowo anayi, ola ndi theka. Lina laloza kukhitchini, lina kwa aneba.

Mabawuti awiri analowa osakana n'komwe. Enawo ayi, mabowo anga sanakumane ndi a phazi. Ndimange nati, bawuti ikungozungulira nayo limodzi. Ndigwire mzati, gwedegwede ngati dzino la mwana. Nditakoka, wonse unazuka m'manja mwanga mabawuti ali lendelende.

Ndi pomwe ndinamva ndodo yawo kugunda pansi. Bambo anali atatembenuka, koyamba chibwerereni kuyang'ana chinthu china osati khoma. Ayang'ane biti, ayang'ane ine, milomo ikulimbana ndi mawu okana kutuluka. Anagundanso ndodo kawiri. Kenako liwu limodzi linatuluka, lomveka bwino kuposa onse a mwezi uno.

“Manyazi.”

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Manja akuyaka, madiresi a anthu ali pomwepo osasokedwa, ndiye manyazi? Ndinayankha ndisanaganize.

“Ngati mukudziwa, dzukani muboole nokha!”

Anayang'ana dzanja lawo lamanja lili gone pa bulangete, analinyamula ndi lamanzere n'kulifunditsa. Anatembenukiranso kukhoma pang'onopang'ono, chifukwa kutembenuka nakonso ndi ntchito kwa iwo. Ine ndinakalirira kukhitchini, misozi kupukutira nsalu ya kasitomala.

Madzi sanakhudze. Mankhwala ameza ndi malovu.

Lachinayi, 9 Meyi

Sitinayankhulane. Zipi ndasoka chozondoka, ndamasula, ndasokanso. Milomo yawo yayamba kung'ambika. Mabowo anga anayi ali pomwepo, ndikuwalumpha popita ndi pobwera. Madzi: masipuni atatu.

Lachisanu, 10 Meyi

Madiresi atatengedwa ndinakakhala pansi pafupi ndi bedi. Ndinati bambo, ndinalakwa, mawu aja sanali oti n'kukuuzani inu. Ndinati ntchito iyi sindiidziwa ndipo wondiphunzitsa wina palibe. Ndinayamba kudzuka kuti ndizipita. Kenako ndodo inatsika n'kugogoda bokosi.

Ndiye tinayamba. Ine kutulutsa chimodzichimodzi, iwo kupukusa mutu kapena kugwedeza. Biti ya 10, eya. Anaitenga pamodzi ndi bawuti m'dzanja lamanzere, kuziphatikiza, n'kundionetsa pafupi ndi mphuno.

“Ithine,” anatero.

Ndinamva. Chitsulo sichipuma, sichidya, sichinenepa. Tepi yanga yansalu anaikankhira kunsi kwa bedi ndi ndodo, n'kuloza yawo yachitsulo. Anasankhanso nyundo, msomali wa konkire, tepi yomata yakuda, pampu ya njinga ya kapaipi, ndi mswachi wakale wometedwa m'mbali. Ndinkati zatha, ndodo inagogodanso. Pansi penipeni panali kansanza kofiira, m'kati mwake kagalasi kodziyang'anira, kukula kwake chikhatho, kodulidwa kampata m'mbali imodzi.

Kagalasi kameneka ndimakadziwa. Malemu mayi ankawaseka nako, ati mwamuna wanji wonyamula galasi m'bokosi la masipanala, kufakitaleko kuli ndani amene mukumutchenera? Bambo ankangoseka. Ife ana tinakula tikudziwa kuti n'kopesera ndevu.

Anandiuza ndi manja kuti ndikagoneke pansi, ndiimike pensulo pakampatako. Ndiyang'ane, pensulo yaoneka iwiri, ya pamwamba ndi ya m'galasi. Ikaima chilili, ziwirizo zimakhala mzere umodzi. Ikapendekeka pang'ono pokha, mzere umathyoka pakati ngati bondo. Zaka zonsezi! Ndikanakonda mayi akanaona.

Koma galasi limandionetsa bwino za kumanja ndi kumanzere. Za kutsogolo ndi kumbuyo pamafunika diso lina, la munthu wokhala chapambali. Bambo analoza mpando, n'kudziloza okha pachifuwa. Chibwerereni sanapemphepo kuti ndiwadzutse. Ndinawakhazika pampando, ndinawamanga kansalu pamphuno, nanenso kanga.

Malamulo a a Levulo, ndilembe ndingaiwale. Mzati tausuntha chikhatho chimodzi kuchoka pa mabowo anga amanyazi aja. Mzere wa mizati yonse tajambula ndi ulusi wopaka choko, kuukoka n'kuuthwanula pansi (ulusi ndi wanga, anavomera). Osajambula mabowo onse n'kuchotsa mzati ayi. Bowo limodzi kaye. Kukhoma kadzenje ndi msomali kuti biti ipeze pokhala. Kumata tepi pa biti pamene bowo lithere. Kuyamba pang'onopang'ono makina asanayambe kugunda, biti ikakhazikika ndiye kutembenuza kabatani kogundira.

Phokoso lake sungamve munthu, ndiye anapeza njira yawo. Ndodo yawo ili ndi ngowe. Ndikapendekera kutsogolo, ngowe imandikoka paphewa. Ndikabwerera kwambiri, nsonga imandikankha. Maso anga pagalasi, fumbi likaphimba ndiime ndipukute. Nditayamba kutsamira ngati tsiku lija, ndodo inandigogoda pamsana. Ndinazimitsa. Ati, “Chisiye.” Ndinapepukitsa manja, ndipo zoona, chimadya chokha.

Tepi itafika pansi ndinatenga bawuti. Ndodo yakana. Pampu kaye. Ndinapopa, fumbi linatuluka loti sungakhulupirire kuti linali m'kabowo kameneko. Mswachi. Pampu. Ndinati basi. Ayi, kachiwiri. Kachitatu. Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati m'bowomo mugona mlendo, koma pakamwa ndapamanga masiku ano. Pambuyo pake ndinazimvetsa ndekha: fumbi likatsala bawuti sifika pansi, ndipo kasiketi kamaluma fumbi m'malo mwa konkire.

Ndinaika phazi la mzati pabowo, nati pamutu pa bawuti kuti nyundo isaphwanye mazinga ake, n'kukhoma. Ndi manja sikanalowa. Inalowa mokakamira, pang'onopang'ono. Sipanala kanayi, kachisanu ndodo yandiletsa. Mabowo atatu otsalawo ndinaboolera m'mabowo a phazi momwemo, mzati uli pamalo pake, ndiye kuphonya kuchokera kuti?

Mzati umodzi, tsiku lathunthu. Anaugwira ndi dzanja lamanzere n'kuugwedeza ndi ukali wonse. Uli nji. Ndinaona mbali yamoyo ya pakamwa pawo ikusuntha.

Fumbi linawatsokomoletsa. Ndinaika kapu pafupi n'kuyang'ana kumbali. Anachukucha n'kulavula, koma ena anameza, ndinamva. Tinene theka.

Loweruka, 11 Meyi

Loweruka la achimwene lafika. Mvula igwa chaka chino.

Anatulukira ndi malaya oyera a kuofesi, kupereka moni mokuwa ngati bambo anagontha. Ataona ndagwada ndi choboolera anavula wotchi n'kuti tabweretsa kuno iwe, izi si za singano. Ndinawapatsa, ndimati tione. Galasi analikankhira pambali ndi nsapato, kadzenje osakhoma, n'kugwerapo ndi mimba yonse. Biti inathawa, kulemba mzere pansi. Ayesenso, ngowe ya ndodo yawakola mwendo wa buluku. Anazimitsa makina.

Bambo analoza ine. Mawu anavuta, koma anawadikira mpaka atuluke.

“Mpatse Kasingano.”

Dzina limenelo anandipatsa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditasoka thumba la ovolosi yawo ndi ulusi wobiriwira. Chidwalireni sanalitchulepo. Ndinaweramira pagalasi kuti asandione nkhope.

Achimwene anachita manyazi, ndinawamvera chisoni. Ndinawapatsa pampu ndi mswachi, ndinati ntchito yofunika kwambiri ndi imeneyi. Anaigwira ndi mtima wonse, nkhope ataiika pamwamba pa bowo penipeni kuti aone bwino. Kupopa kamodzi kokha, munthu yense mbuu, nsidze ndi ndevu zomwe. Bambo anaseka. Kuseka kopotoka, kosakanikira ndi chifuwa, koma kuseka. Tonse atatu tinaseka mpaka ine m'mimba kupweteka.

Kukhitchini achimwene akusamba kumaso anandiuza chinthu. Ati kawiri konse mwezi uno anafika pangodya ya msewu wathu n'kubwerera, sakanatha kuwaona bambo ali chonchi. Ndinali nawo mawu ambiri okonzeratu, oti ine ndilibe pobwerera, ngodya yanga ndi chipinda chomwechi. Ndinangowapatsa thaulo.

Mzati wachiwiri waima. Wachitatu tikanayamba, koma cha m'ma 3 koloko bambo anagona pampando pomwepo ndodo ili pamiyendo. Popanda diso lawo sindiboola. Mabowo anga akale achimwene awatseka ndi simenti, mwaukhondo ndithu, ndiwayamikire.

Madzi: theka m'mawa, masana anakana. Milomo idakali yong'ambika. Mayi a mafizo abwera mkuja.

Lamulungu, 12 Meyi

Mapewa ngati ndamenyedwa. Ndimati ndipume kaye, koma ndisanamalize kusesa ndodo inali itayamba kugogoda bokosi.

Mzati wa pakhomo la chimbudzi. Mabowo atatu anayenda bwino, manja ayamba kuzolowera, ngowe inandikoka kawiri kokha. Lomaliza, la khumi ndi chiwiri, biti inafika pakati n'kuima. Ikulira, ikutentha, osatsika. Mwala. Mtima unati kankha, zithe. Ndodo inakhala paphewa panga, osakoka, osakankha, kungokhala. Ndinatulutsa biti, kupopa, kudikira izizire, kubwezeramo. Kanayi konse. Kachisanu ndinamva kuti thu, yadutsa, tepi n'kutsika mpaka pansi. Pampu, mswachi, pampu, katatu, osauzidwa.

Paipi ya pamwamba inakhala pa mizati yonse itatu popanda kukakamiza. Nditamanga, bambo anatambasula dzanja. Ndinadziwa chimene akufuna. Levulo yawo yamatabwa, yakuda ndi manja, yokhala ndi kathovu m'kagalasi kamene kamaima pakati chinthu chikaongoka. Anaiika okha pa mzati woyamba, kathovu pakati. Ndinawasunthira mpando. Wachitatu, pakati. Wachiwiri, kathovu kakhudza mzere pang'ono. Anakayang'ana nthawi yaitali, ine mpweya ndaugwira. Kenako anati, “Achimwene ako,” n'kundibwezera levulo.

Ndinawabwezera pabedi, ndinasesa fumbi lonse ndi kukolopa, ndinadikira paume. Cha m'ma 11 koloko ndinaona akusunthira m'mphepete mwa bedi. Dzanja lamanzere linagwira paipi. Anaikoka kawiri kuiyesa, kachitatu anaimirira nayo. Manja anga anapita okha m'khwapa mwawo, chizolowezi. Anandiyang'ana.

“Pita. Kasoke.”

Ndinapita. Makina anga ali pabalaza, chitseko cha chipinda chinali chotsegula. Ndinakhala chofulatira, koma kagalasi kaja kanali m'thumba la epuloni, ndinakatsamiritsa pa mutu wa makina. Ndinayamba kupalasa, singano ilibe ulusi, nsalu palibe, phokoso lokha kuti asaganize kuti ndikumvetsera.

Mphete yawo yaukwati inkagunda paipi, ngwe, kenako phazi lodwala kukhwekhwereza. Ngwe, khwee. Pa mzati wachiwiri anaima, mwendo ukunjenjemera, thupi lonse litatsamira pa chitsulo. Ndinali nditadzuka kale theka. Mabawuti anga anayi, aja tinawapopera katatu. Mzati sunasunthe. Ndinakhalanso pansi. Ngwe, khwee. Ndinawerenga mpaka khumi ndi limodzi, chitseko chinatseguka, chinatsekeka, ndipo ndinamva kachitsulo kotsekera m'kati kakuti kwatcha. Kagalasi ndinakagoneka chafufumimba.

Anakhalitsa. Ndinapalasa makina opanda ulusiwo mpaka miyendo kutopa. Kenako madzi anakhuthuka, kachitsulo kanaliranso, ndi ngwe, khwee, ulendo wobwerera. Bedi linalira.

“Kasingano.”

Ndinawapeza atakhala, thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba. Malaya atuluka mbali imodzi, lamba wadumpha bowo. Sindinakhudze. Ati madzi. Ndinathamangira kukhitchini n'kubwera ndi theka la kapu monga mwa masiku onse. Anaiyang'ana m'kati momwe amayang'anira levulo, n'kundibwezera.

“Dzaza.”